Kukaona chilumba cha Thumbi kuchokera kuno ku Dedza, ngakhale simudziwa kusambira

Ife akumtunda kuno nyanja timaidziwira m'mbale, zoona zake ndi zimenezo. Usipa wapa msika wa Lizulu, utaka wouma, mwina chambo kamodzi pa chaka kukabwera alendo, basi. Ukaima pamwamba pa Khwekhwelere tsiku loti kulibe nkhungu umaiona nyanjayo ili nyezinyezi kumunsi uko, koma funsani anthu khumi pa Bembeke kuti ndi angati anapondako m'madzi ake, mudzaseka. Ine ndemwe ndinakula mpaka kubereka ana ndisanakwerepo boti. Ndiye nditagulitsa kachewere wanga ndinati ayi, ulendo uno ndikaone chilumba, ndinatenga mlamu wanga ndi mwana wa achemwali anga wa Fomu 2, tinatsika. Zomwe ndinaphunzira, zina mwa ululu, ndi zomwe ndikufuna ndikuuzeni kuti inu mukapite ochenjera kale.

Choyamba dziwani chilumba chomwe mukufuna, chifukwa mukangoti "ndikufuna kuchilumba" a maboti akupititsani komwe iwo akufuna. Ku Chembe, komwe azungu amati Cape Maclear, mukaima pamchenga mukuyang'ana kunyanja, chilumba chomwe chili pamaso panu penipeni, chamiyala ikuluikulu ndi mitengo yothithikana, ndi Thumbi. Zilumba za Thumbi zilipo ziwiri, ichi ndi chakumadzulo, chinacho chakum'mawa chili kufupi ndi Monkey Bay. Kudzanja lamanja kuli Domwe, chachikulu, chooneka ngati phiri lomwe lagwirana ndi mtunda koma pali kampata kamadzi pakati komwe amati Ilala Gap. Kutali uko, pafupifupi makilomita 10, kuli Mumbo, komwe kuli kamsasa ka alendo kodula ndithu, si kwa ife a kachewere. Pa zilumba zonsezi palibe mudzi, palibe munda, palibe mbuzi. Kwa munthu woyamba, Thumbi ndiye bho, kuli pafupi, boti la injini mphindi zochepa mwafika, ndipo mukachita mantha mtunda mukuuona.

Nthawi yopita muisankhe bwino. Miyezi yozizira ija, Juni, Julaye mpaka Ogasiti, pamene ife kuno tikuvala majuzi awiriawiri, kunyanja kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera, ndipo ikakwiya mafunde ake si masewera. Nthawi ya dzinja madzi amatha kuda ndi matope a mitsinje komanso mvula yamkuntho imangobwera osagogoda. Ine ndikuona kuti Seputembala, Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala ndiye nthawi yake, nyanja imakhala bata, madzi oyera mbee mumaona mwala pansi, kungoti kutentha kwake munthu wa ku Dedza umamva ngati akukuwotcha pa mbaula. Ndipo pa tsikulo pitani m'mawa. Nyanja imakonda kusintha masana. Wa boti akakuuzani kuti lero sitiwoloka, musalimbane naye ati poti mwawononga thiransipoti. Nyanja iyi inamiza sitima yonse ya Vipya mu 1946 kumpoto uko, anthu 145 anapita, ndiye kaboti kathabwa ndi chiyani.

Njira yake ambiri mukuidziwa. Pa M1 mukhotere pa Masasa, mutsike Khwekhwelere mpaka pa Golomoti. Amene mumachita chizungulire pa makona aja musadye zamafuta m'mawa, mwana wa achemwali uja anakongoletsa nsapato za mayi wina mu Sienta, tinapepesa mpaka pa Golomoti. Mukafika pa M5 mupeze galimoto yolowera msewu wa ku Monkey Bay. A ku Ntcheu a mbali ya Kasinje, Sharpevale ndi Bwanje inu muli kale pa M5, mungokwera kulunjika Golomoti. Musanafike pa Monkey Bay penipeni pali mphambano yokhotera kumanzere kupita ku Cape Maclear, makilomita osakwana 20, pamenepo pamakhala njinga zamoto ndi timagalimoto. Magalimoto a msewu wa Khwekhwelere sachuluka ngati a pa M1, ndiye nyamukani m'bandakucha, ndipo musaganize zopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, mukagone usiku umodzi kaya uwiri. M'njiramo mukamadutsa m'mapiri muuze woyendetsa akuimitseni pa Mwala wa Mphini, chimwala chomwe chili ndi mizere ngati mphini za agogo athu, boma linachiika m'gulu la zinthu zotetezedwa. Mphindi zisanu zakwana.

Tsopano za paki, apa ndi pomwe anthu amakangana chifukwa chosadziwa. Thumbi ili mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Chodabwitsa chake ndi choti pakiyi sanaikhazikitse chifukwa cha njovu kapena mikango ayi, anaikhazikitsa chifukwa cha nsomba. Tinsomba ting'onoting'ono toti mlamu wanga atationa anati "aa, timeneti ngakhale ndiwo sitingakwane." Malire a paki samathera pamtunda, amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe la zilumbazo, ndipo m'menemo kuponya ukonde kapena mbedza ndi mlandu. Pali ndalama yolowera, Amalawi timalipira yochepa kusiyana ndi akunja, ndiye tengani chiphaso chanu cha unzika, ndipo mukalipira mufunse lisiti. Midzi ngati Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inalipo kale paki isanabwere ndipo inasiyidwa pomwepo, anthu ake amakhala ozunguliridwa ndi paki, ndiye nkhani ya nkhuni ndi malo ophera nsomba imakhala yowawa kumeneko. Mukamacheza nawo mverani kaye, musafike ndi nzeru za kumtunda.

Kupeza boti sikuvuta, vuto ndi kupeza boti labwino. Mukangoponda pamchenga anyamata akuzungulirani, aliyense ali ndi boti la m'bale wake. Musapupulume. Funsani pomwe mwagona kuti akulozereni gaidi wodziwika, ndipo musanakwere mugwirizane zinthu izi momveka: mtengo wonse ndi zingati, kodi ndalama ya paki ili momwemo kapena ayi, magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira zili momwemo, mukakhalako maola angati, nanga majekete oyandamitsa alipo angati. Ife tinapusa apa. Tinagwirizana mtengo ndi mnyamata wina, tafika kuchilumba akuti magalasi ndi ndalama ina, nsomba yoponyera nkhwazi ndi ndalama inanso, ndiye uli pakati pa madzi ungakane bwanji. Ndinalipira uku mtima ukuwawa. Majekete ndiye osanyengerera, aliyense lake, ndipo mulivale musanakwere, mumange zingwe zonse, osati kulikhalira ngati khushoni. Akakuuzani kuti "ndi pafupi bambo, palibe vuto," muwayankhe kuti achimwene ine ndine wa ku Dedza, madzi omwe ndimawadziwa ndi a mu ndowa. Aseka koma akupatsani. Bwato losema lija, la mtengo umodzi, lisiyireni eni ake omwe anabadwira momwemo.

Zotenga sizambiri. Madzi akumwa okwanira, chipewa, malaya a manja aatali opepuka, nsapato zoti zitha kunyowa chifukwa miyala imatentha komanso ina imaterera ndi ndere, kachakudya, ndi jumbo yobwereramo zinyalala zanu. Foni muikulunge mu pulasitiki yomanga bwino. Ndalama tengani zapamanja, musadalire kuti Mpamba kapena Airtel Money igwira nthawi yomwe mukuifuna. Ndipo dzuwa musalinyoze ati poti ndinu wakuda, ine msana unasupuka ngati njoka yofundula, sabata yonse ndimagona chafufumimba mayi akunyumba akundiseka.

Mukafika musathamangire m'madzi. Khalani kaye pa mwala, mutonthole, muyang'ane. Chilumbachi ndi miyala yosanjikizana, ina yaikulu kuposa nyumba, ndipo mitengo yamera m'ming'alu, mizu ya mikuyu ndi akachere itakumbatira mwala ngati zala mpaka kukafika pansi. Milambe iliponso. Mukaona mmene nthaka yachepera mumvetsa nokha chifukwa chake palibe anamangapo mudzi, ungalime chiyani pamwala. Chinanso chomwe mungaone ndi kukula kwa mitengo. Yerekezani ndi mapiri athu kuno omwe tinameta ndi nkhwangwa ndi makala, ine zinandikhudza, ndinakumbuka mmene phiri la kwathu linkaonekera ndili mwana. Pa miyalapo muona mizere yosonyeza pomwe madzi anafikapo kale, chifukwa nyanjayi imakwera ndi kutsika. Pakati pa 1915 ndi 1935 inali yotsika moti mtsinje wa Shire unasiya kutuluka m'nyanja, pomwe mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja. Ndiye kamchenga komwe mnzanu anajambulitsapo chaka china mwina inu mukapeza kali pansi pa madzi.

Mukakhala chete choncho zinthu zimayamba kutuluka zokha. Abuluzi a michira yobiriwira ngati thambo amayamba kuthamangathamanga pafupi ndi mapazi anu. Kenako mumva tswatswa m'masamba ouma, ameneyo ndi ng'azi, ina yaitali kuposa mkono wa munthu wamkulu kawiri, imayenda mwaulesi lilime lili lawilawi, ikadzidzimuka imadziponya m'madzi n'kusambira ngati kang'ona. Mlamu wanga anakuwa kuti ng'ona, gaidi anagwa nako kuseka. Ng'azi siikusakani inu, imafuna mazira, nkhanu, achule ndi zotsala za nsomba, koma musaitsekereze pakona chifukwa mchira wake umakwapula ndipo imaluma. Pa miyala ya m'mphepete pamakhala mphipi zitatambasula mapiko kuti ziume, miyala yake yoyera ndi zitosi. Kulinso timbalame takuda ndi koyera tomwe timaima m'malere pamalo amodzi mapiko akupupuma, kenako chubwi m'madzi, kutuluka ndi kansomba. Nantchengwa naye amayendayenda m'mphepete, yemwe uja kwathu timamuopa kuti ukaphwasula chisa chake uona malodza. Katumbu aliko m'madera amenewa koma kumuona ndi mwayi, amakonda m'mamawa kwambiri kapena madzulo, ife sitinamuone, tinangoona zigoba za nkhanu pa mwala zomwe gaidi anati ndi ntchito yake.

Nkhwazi ndiye mfumu ya pamenepo, yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. Mudzaimva musanaione, imaponya mutu kumbuyo n'kulira mawu omveka kutali. Zimakhala ziwiriziwiri, yaikazi ndiye yaikulu kuposa yaimuna, ndipo banja lililonse lili ndi dera lake. A maboti anazizoloweza, amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, ndiye imatsika kuchoka pa mtengo, mapiko tambasu, miyendo kutsogolo, kutola nsombayo osanyowa n'komwe thupi. Ngati mukufuna kujambula konzekeranitu chifukwa zimachitika ngati mphezi, ine ndinajambula madzi okhaokha katatu. Kunena zoona ine ndinasangalala kwambiri nditaiona ina ikudzigwirira yokha patali popanda likhweru la munthu, koma ana amakonda zoponyerazo ndiye kaya, zili ndi inu.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni, chifukwa Thumbi weniweni ali pansi pa madzi, ndipo mukabwerako musanaviike nkhope ndiye kuti mwangoona denga la nyumba. Osadziwa kusambira musadandaule, chitani chonchi. Jekete lili pathupi, uzani gaidi akupezereni malo osaya pomwe madzi akulekeza m'chiuno ndipo pansi pali mwala wosaterera. Magalasi aja muwalavulire pang'ono mkati, mupake ndi chala, mutsukuluze, zikumveka zonyansa koma zimathandiza kuti asachite nthunzi. Muwavale akhale okugwirani bwino, tsitsi lisalowe m'mphepete mwake chifukwa madzi alowera pomwepo, a ndevu zapamlomo madzi azilowabe pang'ono, pirirani. Kapaipi mukalume ndi mano mopepuka, milomo itseke, ndipo muyambe kupuma ndi pakamwa mutu uli kunja kaye mpaka muzolowere. Kenako gwirani mwala kapena dzanja la gaidi, weramani, nkhope m'madzi. Mpweya woyamba mtima umagunda ngati ng'oma ya ngoma ya kwa Gomani, thupi limakana, limati munthu sapuma m'madzi. Werengani mpaka khumi. Madzi akalowa mu paipi musadzidzimuke, ingodzutsani mutu, mulavule, muyambirenso. Mukazolowera mutha kugona chafufumimba pamadzi, jekete likunyamulani, gaidi akukokani pang'onopang'ono.

Zomwe muone pamenepo ine ndilibe mawu okwanira. Nsomba mazanamazana, zabuluu wowala, zachikasu ngati nthochi yakupsa, zamizeremizere ngati mbidzi, zamawangamawanga, zina zikubwera mpaka pa galasi kudzakuyang'anani m'maso. Zimenezi ndi mbuna, dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, nsomba za m'miyala. Zambiri ndi zazitali ngati chala kapena chikhatho basi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, mazana ambirimbiri, ndipo pafupifupi yonse ya mtundu wa mbunazi sipezeka kwina kulikonse. Chifukwa chake ndi chosangalatsa. Mbuna siikonda kuchoka pa miyala yake, mchenga wautali kapena madzi akuya kwa iyo ndi ngati mpanda, ndiye za pa chilumba ichi zimakwatirana zokhazokha, za pa chilumba icho zokhazokha, pakapita zaka zikwizikwi zimasiyana mtundu, kamwa, ngakhale kadyedwe. Zili ngati mmene Chichewa cha ku Dedza chimasiyanirana ndi cha ku Nkhotakota, kungoti kwa nsombazi zinafika poti sizikwatirananso.

Musamangoyang'ana mitundu yokha, sankhani nsomba imodzi muitsatire ndi maso kwa mphindi zingapo, apa ndi pomwe ulendo umakoma. Muona yaimuna yowala kwambiri ili ndi kamalo kake pa mwala, ikuthamangitsa ina iliyonse yodutsa ngati mwini munda wa mbatata nthawi yokolola. Muona zina zikupala ndere pa mwala, ndipo mukatchera khutu m'madzimo mumamva kuti tchetchetche, ndi mano ake amenewo. Ina ili ndi mphuno yolendewera pamwamba pa kamwa, kamwa lili pansi, imadya itagona pa mwala. Ndiye mufunefune yofiirira yosawala yomwe kukhosi kwake kwatupa ngati yabwira chimanga. Imeneyo ndi mayi, m'kamwamo muli mazira kapena ana. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi pakamwa nthawi yomweyo, yaimuna ili ndi timadontho tachikasu pa chipsepse cha kumunsi tooneka ngati mazira, yaikazi ikamafuna kutola timeneto ndi pomwe mbewu ya yaimuna imalowa n'kukakumana ndi mazira aja. Kenako imawasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, kudya kwenikweni osadya, mpaka ana atatuluka. Chambo chomwe timadya chimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake kugwira chambo nthawi yoswana ndi kupha mbumba yonse pakamodzi. Mwana wa achemwali uja atamva izi anati "amalume, ndiye kuti amayi akamati ndinavutika nawe sanafike apa," ndinamuuza kuti akayerekeze kukanena kunyumba.

Palinso kaligono, nsomba yamawanga oyera ndi ofiirira yomwe imagona cham'mbali pansi ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzaona maliro imatidya. Dzina lake likunena lokha. Ndipo m'mapanga a pansi mumakhala kampango, amene usiku ndiye amasaka, koma pa kulera ana ndi katswiri, bambo ndi mayi onse amalondera, mayi amatulutsa mazira ena oti ana azidya. Ameneyu pamalo osaya simumuona kawirikawiri, ndi a zamabotolo a mpweya aja omwe amakumana naye.

Thumbi ali ndi mbiri ina ya nsomba yomwe anthu ambiri saidziwa. Mbuna zimagulitsidwa kunja, anthu ku Ulaya ndi ku America amaziweta m'magalasi m'nyumba zawo. Zaka za m'ma 1960 ndi 1970, paki isanakhazikitsidwe, ochita malonda amenewa ankagwira nsomba kumpoto kwa nyanja n'kubwera nazo mbali ya Cape Maclear, ndipo zina zinatayidwa m'madzi a pa Thumbi. Zinakhazikika, zinaswana, zina mpaka kusakanikirana ndi eni nthaka. Imodzi yodziwika bwino ndi yomwe akatswiri amaitcha Cynotilapia afra, kansomba ka mizere yakuda ndi yabuluu. Ndiye zina mwa nsomba zomwe muone pa Thumbi ndi zobwera, ngati ife Angoni, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe pamalopa pali mitundu yambiri chonchi. Akatswiri sakondwa nazo chifukwa zinasokoneza zomwe chilengedwe chinasiyanitsa kwa zaka zosawerengeka. Phunziro lake kwa inu ndi lapafupi: musatenge nsomba, nkhono kapena chomera kuchoka pena kukaponya pena, ngakhale mwana alire bwanji kuti akufuna kansomba mu botolo.

Za buledi ndinene maganizo anga. A maboti ambiri amakupatsani buledi kuti mufinyire m'madzi, nsomba zimabwera ngati nkhuku pa madeya mpaka kukujomphani zala, ndipo n'zokoma ndithu, sindinama. Koma nsombazi chakudya chake ndi ndere ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo zikaunjikana pa buledi simuonanso khalidwe lake lenileni lija, mumangoona chipwirikiti. Ine ulendo wachiwiri ndinakana buledi ndipo ndinaona zambiri kuposa woyamba. Sopo ndiye ayi, musakasambire sopo kapena kuchapa pa chilumba. Moto osayatsa paliponse, chilimwe masamba amakhala ouma ngati pepala ndipo pachilumba moto ukabuka palibe kothawira nyama. Nkhuni, mazira a mbalame, miyala, zisiyeni. Kulemba dzina lanu ndi la chibwenzi pa mwala ndi penti, abale, tasiyani zimenezo.

Mukabwerera kumtunda masana, musagone kaye, pitani mbali ya Golden Sands komwe kuli maofesi a paki mukaone manda a amishonale, chifukwa mbiri ya zilumbazi imamveka bwino mukaima pamenepo mukuyang'ana Thumbi. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo atabweranso mu 1861 anatcha malowa Cape Maclear potengera mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, ngakhale eni ake anali ndi dzina lawo kale. Mu Okutobala 1875 amishonale a ku Scotland, otsogozedwa ndi E.D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, yomwe anthu mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa pamutu kulambalala mathithi a Shire. Anasankha pano chifukwa zilumbazi zimatchinga mphepo, sitima imakocheza bwino. Koma malungo anawatha, mandawo ndi umboni, mmodzi mwa ogona pamenepo ndi Dr William Black yemwe anamwalira mu 1877. Pofika 1881 anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 anakwera phiri ku Khondowe komwe lero timati Livingstonia. A ku Ntcheu nkhaniyi ikukukhudzani, mishoni ya ku Livulezi anayambitsa ndi a Livingstonia omwewa isanaperekedwe kwa a Dutch omwe mpingo wawo lero ndi Sinodi ya Nkhoma. Ilala yomwe ikuyenda panopa si imeneyo ayi, iyi inayamba kuyenda mu 1951, inangotenga dzina. Ndipo china chomwe chinandidabwitsa, cha m'ma 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkatera pompa pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Taganizani, madzi omwewa omwe anyamata akupalasa mabwato.

Chomaliza chomwe simuyenera kuiwala ndi likodzo. Kumwera kwa nyanja kuno, makamaka m'mphepete mwa midzi ngati Chembe, likodzo liliko, limachokera ku tizilombo tomwe timakulira mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu. Akatswiri anapeza kuti kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa chopha mopyola muyeso kunathandizira kuti nkhonozo zichuluke. Ku miyala ya kuchilumba chiopsezo chimachepa poyerekeza ndi pamchenga wa pamudzi pomwe anthu amasamba ndi kuchapa, koma musadzinamize kuti palibiretu. Mukatuluka m'madzi dzipukuteni bwino, pewani malo a bango ndi udzu wa m'madzi, omwenso ndi malo okonda ng'ona ndi mvuu, ndipo musakodzere m'nyanja chifukwa ndi mmene matendawa amazungulirira. Mukabwerera kumudzi dikirani masabata 6 mpaka 8 kenako mupite kuchipatala mukawauze kuti munasamba kunyanja, mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwabwera sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakule. Ndipo muwamwe mutadya nsima yokwanira, mlamu wanga anamwa ndi tiyi yekha m'mawa, tsiku lonse anangogona pa mphasa akuti nyumba ikuzungulira.

Pobwerera gulani usipa wanu pa thandala ku Chembe kapena ku Msaka, umenewo ndi wa m'madzi akuya kunja kwa malire a paki, asodzi amaupha usiku ndi nyali zomwe mudzazione zitandandalika panyanja ngati tauni. Muukulunge bwino chifukwa mu Sienta anthu adandaula. Ndipo juzi lanu lija musaliike pansi pa chikwama, mukangoyamba kukwera Khwekhwelere madzulo mphepo ya kwathu imakulandirani pa kona yachitatu, msana wopsa ndi dzuwa uja uli nyenyenye.